Kamera yanga yopyapyala inangokhala miyezi inayi ku Senga Bay

Kamera yoyamba ndinaigula mu Malichi, m'shopu ina ya katundu wakale ku Lilongwe. Inali yaing'ono ngati khadi la ku banki, yokhuthala osapitirira masentimita 2, ndipo inkalowa m'thumba la malaya osaonekera n'komwe. Foni yanga inkajambula bwino zinthu zapafupi zokha. Ndikafuna kukokera pafupi bwato limene lili patali panyanja, chithunzi chinkangokhala phala. Kamerayi inali ndi zoom yeniyeni ya magalasi, yokoka kasanu, ndipo n'chimene chinandikopa. M'shopumo ndinangoiyatsa, n'kujambula wogulitsayo kamodzi, n'kulipira. Pofika mu Julayi inali itafa. Masiku ano ndikuona achinyamata ambiri kuno ku Salima akufunafuna timakamera timeneti, ndiye ndati ndifotokoze mmene zinayendera, chifukwa ndalama zambiri zimene ndinataya zikanapulumuka ndikanadziwa zimene opanga anachotsamo kuti kamera ipyapyale chonchi.

Sindinaganizire n'komwe kuti timakamera timeneti ndi takale. Tinayamba kutchuka mu 2002, pamene Casio inatulutsa Exilim yokhuthala mamilimita 11 okha, ndipo chaka chomwecho Minolta inatulutsa DiMAGE X imene lenzi yake, diso lagalasi la kamera, sinkatuluka kunja. Kenako mafoni anadzalanda msika, moti Casio inasiya kupanga makamera oterewa mu 2018. Choncho imene mungaipeze m'shopu ya katundu wakale, kapena kwa munthu wobwera kuchokera ku Joni, kawirikawiri imakhala ya zaka 10 kapena 15. Kunja ikhoza kung'anima ngati yatsopano, koma batire lake ndi la msinkhu womwewo, ndipo zipangizo zake zosinthira sizipangidwanso.

Vuto loyamba linabwera tsiku lomwelo. Nditatsika pa Kamuzu Road ndinagula memori khadi la 64 GB, poganiza kuti lalikulu ndiye labwino. Kamera inalikana, ikungolemba kuti khadi lili ndi vuto. Usiku umenewo sindinagone bwino, ndinkaona ngati andigulitsa chinthu chakufa. Koma kamera inalibe mlandu, khadinso linalibe mlandu. Makhadi a SD alipo mitundu itatu yofanana maonekedwe: SD wamba amene amalekezera pa 2 GB, SDHC oyambira 4 GB mpaka 32 GB, ndi SDXC oyambira 64 GB kupita m'mwamba. Makamera opangidwa chisanafike chaka cha 2006 nthawi zambiri amawerenga SD wamba yekha, ndipo ambiri opangidwa chisanafike cha 2010 sawerenga SDXC. Yangayo inkafuna SDHC. Khadi la 8 GB limakwana ndithu, chifukwa chithunzi chimodzi cha 14 megapixels, kutanthauza timadontho 14 miliyoni, chimadya pafupifupi 5 MB, ndiye mumalowa zithunzi zopitirira 1,000. Musanalipire, tsegulani kachitseko ka khadi muone mtundu wake. Makamera akale a Sony amadya Memory Stick Pro Duo, a Olympus ndi Fujifilm akale amadya xD, ndipo makhadi amenewo kuno mukhoza kuzungulira msika wonse osawapeza. Khadi latsopano mulichite format, kutanthauza kulifufuta lonse ndi kulikonzekeretsa, m'kamera momwemo, osati pa kompyuta. Mugulenso card reader, kachipangizo kowerenga khadi kolumikiza ku foni, chifukwa ambiri mwa makamerawa alibe Wi-Fi, ndipo popanda chimenecho zithunzi zimangokhalira m'khadi.

Epulo ndi Meyi ndinasangalala nayo kwambiri, ndipo ubwino wake sindingaubise. Kamera yaikulu imatsala kunyumba chifukwa imafuna chikwama chakechake, koma iyi ndinkayenda nayo paliponse. M'mawa asodzi akamakocheza kuchokera kokapha usipa, dzuwa likungotuluka kutsidya kwa nyanja, ndinkangoisolola m'thumba, masekondi awiri yayaka. Anthu saiopanso. Ukatulutsa chikamera chachikulu pagombe, amayi oyanika usipa pa thandala amabisa nkhope kapena kufunsa kumene zithunzizo zikupita. Kameneka ankangokaseka, ndipo ndikapempha kuti ndiwajambule ankavomera msanga. Masana zithunzi zinkatuluka zakuthwa, mitundu yake yabwino, ndipo bwato la patali linkabwera pafupi mpaka nambala yake kuwerengeka, zimene foni yanga sinkatha. Batire la foni nalonso linkasungika kuti lichite ntchito zina.

Dzuwa la kunyanja lili ndi khalidwe lake limene muyenera kulizolowera. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse n'kupeza pakati. Mchenga woyera ndi madzi onyezimira zimainamiza kuti kwawala mopitirira, ndiye imachepetsa kuwala, nkhope za anthu n'kutuluka zakuda bii. Pali batani kapena malo mu menyu olembedwa EV, okhala ndi chizindikiro cha + ndi −. Pagombe muike pa +0.7 kapena +1. Ngati munthuyo ali pafupi, osapitirira mamita 2, mukhoza kukakamiza flash kuti iyake ngakhale ndi masana, imawalitsa nkhope bwinobwino. Chimene simungachikonze ndi sikirini. Makamera opyapyala ambiri alibe kabowo kosuzumirapo, ndiye nthawi ya nkhomaliro, dzuwa lili paliwombo, pa sikirini umangoona nkhope yako yomwe. Zithunzi zambiri ndinkajambula mongoyerekeza, mitu ya anthu n'kudukapo. Kukweza kuwala kwa sikirini kumathandiza pang'ono koma kumamwa batire. Ndinadzazolowera kuphimba ndi chipewa, komanso kujambula isanakwane 9 koloko m'mawa kapena itadutsa 3 koloko masana.

Zoom ya kasanu ija ndi yabwino pa bwato, osati pa mbalame. Nkhwazi itatera pamwamba pa mtengo imatuluka ngati kadontho. Pa mayezedwe a ojambula, zoom yotere imayambira cha pa 28 mm n'kulekezera cha pa 140 mm, pamene mbalame zimafuna 400 mm kapena kuposa, poti nambalayi ikamakwera ndi pamene lenzi imakoka zapatali kwambiri. Amene cholinga chanu ndi njovu za ku Nkhotakota kapena mbidzi za ku Kuti, kamera imeneyi idzakukhumudwitsani, poti nyama zimenezi simuziyandikira. Digital zoom muizimitsiretu mu menyu. Sikokera chinthu pafupi, imangodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, n'chifukwa chake imatulutsa phala lomwe lija la pafoni.

Mu Juni ndi mmene ndinaona malire ake enieni. Kunali chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, ndipo akuluakulu anati poti kamera ilipo pakhomo, palibe chifukwa cholipira wojambula. Ndinavomera monyadira. Mwambo umene unayenera kuyamba 2 koloko unayamba itadutsa 4, ndipo mwezi umenewu dzuwa limalowa cha m'ma 5:30. Perekani-perekani anafika kutayamba kale kuda. Ndinajambula zithunzi pafupifupi 180, koma zoti munthu n'kuonetsa anzake sizinakwane 30. Ovina anatuluka ngati mizukwa, manja atatu atatu. Nditawaonetsa achemwali m'mawa mwake anangoti zii, kenako n'kunena kuti zili bwino achimwene, koma ndinaona kuti zawapweteka. Chinkhoswe sichibwerezedwa, ndipo manyazi amenewo ndimawamvabe.

Chifukwa chake chili m'kati mwa kamera. Chimene chimalandira kuwala ndi sensa, ndipo m'makamera opyapyala ambiri imakhala ya saizi yotchedwa 1/2.3, pafupifupi mamilimita 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi, yosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Pa kamalo kameneka anapanikizapo timadontho 14 miliyoni, ndiye kalikonse kamalandira kuwala kochepa zedi. Kuchuluka kwa ma megapixels kumene wogulitsa amakutchulirani sikuthandiza chilichonse mumdima. Khomo la lenzi nalonso ndi laling'ono. Pa yanga panalembedwa f/3.5 mpaka f/6.3. Nambala imeneyi ikamakwera, kuwala kolowa kumachepa, moti ukakoka zoom mpaka kumapeto kuwala kumatsika pafupifupi katatu. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi f/1.8, khomo lolowetsa kuwala pafupifupi kanayi kuposa f/3.5, komanso amajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza. N'chifukwa chake usiku foni yabwinoko imaigonjetsa kamera imeneyi.

Kuwala kukachepa kamera imatsala ndi njira ziwiri. Ikhoza kusiya kachitseko ka m'kati, kotchedwa shutter, kali kotsegula nthawi yaitali, monga 1/15 kapena 1/8 ya sekondi, ndipo chilichonse choyenda chimatuluka chokokeka. Munthu wovina amafuna 1/250 ya sekondi. Kapena ikhoza kukweza ISO, muyeso wa mmene sensa imamvera kuwala, koma ikangodutsa 400 chithunzi chimayamba timadonthomadontho ngati mwawazapo mgaiwa, ikafika 1600 nkhope zimasungunuka. Chija amachitcha stabilizer chimathandiza pa kunjenjemera kwa dzanja lanu kokha, sichiimitsa munthu amene akuvina. Kupepuka kwa kamera kumawonjezera vuto. Imalemera magalamu 130 kapena kuchepera, ilibe pogwirira, ndiye chala chikamadina batani kamera yonse imagwedezeka. Ndikanadziwa, ndikanagwira ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti, kudina batani theka kaye mpaka kabokosi ka pa sikirini kasanduke kobiriwira, kenako n'kumaliza pang'onopang'ono. Ndikanasiya zoom n'kuyenda ndi miyendo kufika pafupi. Pa anthu ongoima, ndikanaikhazika patebulo n'kutchera timer ya masekondi 2 kuti dzanja lisaikhudze.

Flash sinandipulumutse. Mphamvu yake imafika mamita atatu okha, ndipo ukakoka zoom imalekezera pa mamita awiri kapena kuchepera. Amene anali kutsogolo anayera mbee, akumbuyo n'kumira mumdima. Popeza kamera ndi yaing'ono, flash imakhala moyandikana kwambiri ndi lenzi, ndiye kuwala kumalowa m'diso la munthu n'kubwerera molunjika, maso n'kutuluka ofiira psuu. Kuyandikana komweko n'kumene kumabweretsa timipira toyera timene tinadzaza zithunzi za pabwalo lovinira. Anthu ena ankati lenzi ndi yakuda, koma ayi. Linali fumbi louluka pafupi ndi lenzi limene flash inkaliwalitsa. Pabwalo lafumbi anthu akuvina palibe chochita, kupatula kuima kumene mphepo ikuchokera kapena kupempha kuti awaze madzi pansi. Ikathwanima kamodzi imafunanso masekondi angapo kuti idzaze, ndipo pa nthawi imeneyo batani siligwira. Mphete inavekedwa ine ndikudikira kagetsi kasiye kuphethira.

Batire linatha mwambo usanathe. Mabatire a timakamera timeneti ndi opyapyala ngati bisiketi, a 3.6 kapena 3.7 V, ndipo amasunga pakati pa 600 ndi 800 mAh, pamene la foni limasunga 4,000 kapena 5,000. Likakhala latsopano limajambula zithunzi 200 kapena kuposerapo pang'ono, koma la zaka 10, flash ikuyakayaka, silifika n'komwe. Mtundu uliwonse uli ndi batire lakelake, simungagule pa grosale ngati mabatire a tochi. Lachiwiri ndinachita kuitanitsa ku Lilongwe ndipo linatenga masabata awiri. Lembani nambala yolembedwa pa batire lenilenilo, osati dzina la kamera lokha, chifukwa ambiri amafanana maonekedwe koma timano take tamkuwa timakhala posiyana. Funsaninso za chaja musanalipire. Ena amatchajira m'kamera momwemo ndi chingwe chakechake chimene sichifanana ndi cha foni, ndipo chikasowa mwagwira njakata. Chaja ija ya timiyendo tiwiri imene ambiri amaitcha universal imagwira ntchito, bola timiyendoto tikhudze pa + ndi pa − molondola, ndipo osasiya batire pamenepo usiku wonse. Kuno magetsi akhoza kuthima pa tsiku lomwe mukuwafuna, ndiye mabatire onse awiri muwadzaze dzulo lake.

Kenako mu Julayi kunabwera mwera. Amene mumakhala kunyanja mukuudziwa: mafunde amakula, asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndipo mchenga umayenda chapansipansi n'kumakulasani m'miyendo. Ndinafuna chithunzi cha mafunde akumenya gombe, ndiye ndinanyonyomala, kamera ili pafupi ndi pansi, lenzi itatuluka yonse. Sipanathe mphindi zisanu. Nditamaliza ndinaizimitsa n'kuiponya m'thumba la buluku, momwe munali kale mchenga. Kunyumba nditaiyatsa inangolira kerererere, lenzi n'kuima pakati itapendekeka, pa sikirini n'kulemba kuti lens error.

Lenzi yotuluka imapangidwa ndi timapaipi tiwiri kapena titatu tolowetsana, toyendetsedwa ndi kamota kakang'ono kudzera pa timagiya ta pulasitiki. Mipata yake ndi yothina kwambiri, moti kamchenga kamodzi kakakhala mu njira yake zonse zimaima. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri, chifukwa mantha anandigwira. Ndinaiyatsa ndi kuizimitsa mwina ka 20. Ndinauzira ndi pakamwa. Ndinakankha lenzi ndi chala chachikulu mpaka ndinamva kuti thwa. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndidonthezepo mafuta a makina osokera, ndipo ndinadonthezadi.

Zoyenera kuchita zinali zosiyana ndi zimenezo. Ikangolira mosazolowereka, izimitseni, chotsani batire. Ilozetseni lenzi pansi kuti mchenga ugwe wokha, osati kulowa m'kati. Sesani m'mbali mwa timapaipi ndi kaburashi kofewa kouma, n'kupopera mpweya ndi kampira kaja kopopera, osati pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi ndipo umamatitsa fumbi. Dulani kapepala kopyapyala, kalowetseni pang'ono mu mpata wa pakati pa timapaipi n'kukazunguliza, kamatulutsa timchenga tobisala. Gogodani kamera pang'onopang'ono pa chikhatho, lenzi ikuyang'anabe pansi. Mukatero bwezerani batire lodzaza bwino, chifukwa lofooka limapangitsa mota kulephera ngakhale palibe chotchinga, ndipo yesani kuyatsa kamodzi kapena kawiri basi. Ikakana, isiyeni mmene ililimo. Kuyatsa kulikonse kumakakamiza mota kupera mchenga pa mano a magiya.

Okonza mafoni awiri a kuno ku Salima anakana kuitsegula, ndipo anachita bwino. Ndinapita nayo ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, kwa bambo wina wokonza makamera. Anaisunga masabata atatu, kenako anandiitana. Anati: “Achimwene, ukanakhala mchenga wokha tikanauchotsa. Koma mano a giya munawathyola pokankha, ndipo mafutawa afika mpaka pa galasi la m'kati.” Anandionetsa kuti lenzi, mota, shutter ndi magiya ndi chinthu chimodzi chomangiriridwa pamodzi, sasintha giya limodzi, amasintha chonsecho. Popeza zatsopano kulibe, pankafunika kupeza kamera ina ya mtundu womwewo imene inafa ndi matenda ena. Tinadikira masabata ena awiri, sinapezeke. Nditawerengera khadi losagwira ntchito lija, batire lachiwiri, chaja, maulendo awiri a minibasi ndi ndalama ya wokonza yotsegulira, zonse pamodzi zinaposa mtengo umene ndinagulira kamerayo. Ndipo batire ndi chaja zinatsala zopanda ntchito, chifukwa sizingolowa mu kamera iliyonse.

Mu Sepitembala ndinagula ina, koma ulendo uno ndinakhala m'shopu pafupifupi theka la ola, khadi langa la SDHC lili m'thumba. Ndinayamba ndi batire. Ndinaligoneka pa galasi la kauntala n'kulizunguza ndi chala. Labwino limakhala lafulati ndipo silizungulira, lotupa limazungulira ngati nguli. Ndinasuzumira m'chipinda cha batire kuona ngati timano take tachita dzimbiri kapena zobiriwira. Ndinayatsa ndi kuzimitsa kangapo khutu lili pafupi, ndikukoka zoom uku ndi uku, kumvetsera ngati pali kukhutcha. Kenako ndinatuluka panja, n'kukoka zoom mpaka kumapeto, n'kujambula kumwamba kopanda mitambo. Chimenechi n'chofunika kwambiri. Lenzi yotuluka imapopa mpweya nthawi iliyonse ikamayenda, ndipo fumbi likafika pa sensa limaoneka ngati kadontho kotuwa pamalo amodzimodzi m'chithunzi chilichonse. Kupukuta kunja sikulichotsa. Ndinawalitsa tochi ya foni mu lenzi kufufuza chuku, chimene chimaoneka ngati ulusi wa kangaude m'kati mwa galasi. Ndinajambula nyuzipepala itapachikidwa pakhoma n'kukulitsa chithunzicho kuti ndione ngati ngodya zonse zinayi zikuwerengeka mofanana, chifukwa kamera imene inagwapo imakhala yakuthwa mbali imodzi yokha. Flash ndinaiyatsa katatu motsatizana. Wogulitsa amene akukana kuti muyese zimenezi, musiyireni katundu wake.

Yachiwiriyi ndi ya mtundu umene lenzi yake situluka. Kuwala kumalowa pa kawindo ka pangodya, kumagunda kagalasi kokhotetsa kuwala kotchedwa prism n'kukhotera pansi, ndipo magalasi a zoom amayenda m'kati mwa thupi la kamera moimirira. Kunyanja kuno zimenezi n'zabwino, chifukwa palibe timapaipi toti mchenga ulowemo. Koma nayonso ili ndi zake. Kawindo kaja kali pamalo pomwe chala cha dzanja lamanzere chimafikira, moti sabata yoyamba zithunzi zambiri zinali ndi kachinthu kofiirira pakona. Ndinaphunzira kuigwira m'mphepete, chala chachikulu pansi, chamkombaphala pamwamba. Kawindoko kamadetsedwanso msanga ndi thukuta, ndipo kakangochita mafuta pang'ono chithunzi chonse chimachita chifunga. Ndimapukuta ndi kansalu ka magalasi a m'maso, nditayamba ndapopera mpweya, chifukwa kupukuta pali mchenga n'kukanda galasi. Chivundikiro chake chotsetsereka chimasunga timchenga kunsi kwake, ndiye nachonso chimafuna kaburashi. M'ngodya zithunzi sizikhala zakuthwa ngati pakati, ndipo mumdima siposa yoyamba ija ngakhale pang'ono.

M'thumba mwa buluku sindiikamonso. Dzina lakuti kamera ya m'thumba limapusitsa. M'thumba mumakhala ulusi, fumbi, makiyi ndi makobidi, ndipo mukakhala pa kabaza kapena mopanikizana mu minibasi, sikirini yopyapyala ija imaphwanyikira m'kati, n'kutuluka chidontho chakuda ngati inki. Popeza palibe kabowo kosuzumirapo, sikirini ikafa ndiye kuti kamera yonse yatha ntchito. Yanga imakhala mu kachikwama kolimba ka zipi, ndipo ndikamapita kugombe kachikwamako kamalowanso mu pulasitiki yotseka. N'zoona kuti ikatero sikhalanso yopyapyala ngati mmene ndinaikondera m'shopu muja. Kachingwe ka padzanja ndimavala nthawi zonse, makamaka m'bwato, chifukwa thupi lake ndi loterera. Ikagwera m'madzi, chotsani batire ndi khadi nthawi yomweyo, musayese kuyatsa kuti muone ngati ili moyo, iumitseni masiku angapo zitseko zili zotsegula. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndiye mwayi umakhalapo.

Novembala anandiphunzitsa za kutentha. Mabuku a makamera ambiri amanena kuti azigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40, ndipo kuno miyezi ya Okutobala ndi Novembala nthawi zina kumapitirira 35 pamthunzi pomwe. Ndinaisiya masana amodzi pawindo la nyumba ya malata, ndipo patapita masiku ochepa batire linayamba kukanirira potuluka. Linali litatupa. Batire lotere musalitchajenso, musaliboole, musalitaye pamoto, chifukwa limatha kuyaka. Kutaya msanga n'kwabwino kuposa kudikira kuti likakamire m'kati n'kuthyola kachitseko. Ngati kamera ikhala nthawi yaitali osagwira ntchito, batire mulichotse lili cha pakati, osati lodzaza kapena lotheratu. Dziwaninso kuti likakhala kunja nthawi yaitali kamera imaiwala deti, ndiye muziona musanayambe kujambula.

Dzinja likafika mdani amakhala chinyezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi nsapato zimachita chuku pansi pa bedi, ndipo magalasi a kamera nawonso amachita chimodzimodzi mukaitsekera mu kabati yamdima. Ndimaisunga mu kontena ya pulasitiki yotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano. Timapaketi timeneti timakhuta chinyezi, ndiye timafunika kusintha kapena kuumitsa pafupipafupi. Mpunga, ngakhale uli wambiri kuno, sukoka chinyezi mokwanira ndipo fumbi lake limalowa m'mipata. Kamera imene ikugwira ntchito sabata iliyonse, kuona dzuwa ndi mpweya, sichita chuku msanga ngati yongosungidwa.

Amene ntchito yanu ndi ya m'madzi, asodzi kapena oyendetsa alendo pa bwato, fufuzani makamera osalowa madzi ngati Olympus Tough. Ndi okhuthala ndiponso odula, koma mchenga ndi mafunde siziwaopsa. Amene mumakhala kumudzi kopanda magetsi, ganizirani makamera a mabatire a AA, monga ambiri a Canon PowerShot A kapena Nikon Coolpix L. Amatupa m'thumba, koma mabatire ake mumawapeza pa grosale, ndipo otchajidwa a NiMH amakhalitsa kuposa wamba. Yopyapyala imayenera munthu amene amajambula masana, amafuna zoom yoposa ya foni yake, ndipo ali wokonzeka kugula batire lachiwiri ndi kachikwama tsiku lomwelo. Pokonza bajeti muwerengere zimenezi pamodzi ndi khadi, chaja ndi card reader, osati mtengo wa kamera wokha.

Yachiwiriyi yadutsa mwera wina ili moyo. Mphepo ikayamba kunyamula mchenga ndimajambula nditaimirira, msana utaloza kumene ikuchokera, ndipo ndikamaliza ndimaisesa ndi kaburashi ndisanatseke chivundikiro. Pa chinkhoswe chotsatira cha pabanja pathu ndinawauziratu akuluakulu kuti za usiku apeze wojambula wa zipangizo zake. Ine ndinasonkhanitsa anthu 3 koloko, mwambo usanayambe, pansi pa mtengo wa mango pamene kuwala kunali kofewa, n'kujambula magulu onse, akuchikazi, akuchimuna ndi ankhoswe, gulu lililonse katatu kuopa wophethira. Dzuwa litapendeka kamera ndinaibweza mu kachikwama kake n'kutulutsa foni.